Dzanja likamauma pa trill, vuto limakhala pati ndipo tingatani

Dandaulo ili ndi la ambiri oyimba kiyibodi kuno ku Mangochi, kaya a kwaya, kaya a band zoyimba m'malo ogona alendo kunyanja uko, kaya ana amene akuphunzira piyano ya manoti. Trill imayamba bwinobwino, manoti anayi asanu oyamba akumveka bho, kenako dzanja limangoti gwa, zala ziwiri zija zimayamba kugwera pamodzi, mkono kutentha, phewa lakwera lafika kukhutu, ndipo pofika kumapeto noti yotsekera ija imabwera mochedwa kapena osabwera nkomwe. Mawa lake munthu amabwerera pa kiyibodi ndi ukali, kuyibwereza kambirimbiri mwamphamvu poganiza kuti zala zikhwima, nde mmalo moti zisinthe zimangoipiraipira.

Kwa amene angoyamba kumene, trill ndi kuja timasinthanitsa mwachangu manoti awiri oyandikana, tinene C ndi D, C D C D C D, papepala amalemba tr pamwamba pa noti, nthawi zina ndi kamzere kokhotakhota kosonyeza kutalika kwake.

Chimene ndikufuna mugwire kaye nchakuti zala zanu sizikusowa mphamvu ayi. Key ya piyano imatsika ndi kulemera kwa magalamu pafupifupi 50 basi, ndipo ulendo wake wonse ndi pafupifupi sentimita imodzi, ma kiyibodi athu a ma key 61 aja nde opepuka kuposa pamenepo. Mwana wa sitandade 3 mphamvu imeneyo ali nayo. Chimene chimavuta pa trill ndi kusiya, chala chikagunda chisiye nthawi yomweyo kuti chinzake chigunde, ndipo pafupifupi vuto lililonse ndikambe pansipa likuchokera pa kulephera kusiyako.

Yambani ndi kupeza pomwe pakuuma

Yimbani trill ndi dzanja lamanja, lamanzere mugwire nalo mkono wamanjawo chakumtunda pafupi ndi chigongono, pamwamba ndi pansi pomwe. Minofu ikuluikulu yoyendetsa zala simakhala m'zalamo, imakhala pamkono apo, ya mbali ya chikhatho imapinda zala, ya pamwamba imaziwongola ndi kuzikweza, ndipo imafika kuzala kudzera m'mitsempha yaitali yodutsa pomwe timavala wotchi paja. Zinthu zikamayenda bwino magulu awiriwa amapatsana mpata. Munthu akamalimbana ndi liwiro onse awiri amakoka nthawi imodzi, wina kukokera pansi wina mmwamba, chala chili pakati sichingathamange, ndipo kutentha mumamva kuja ndi kumeneko. Nde mukamva kuti pamkono palimba, imani pomwepo, tsitsani dzanja lilendewere pambali, mupume, muyambirenso pang'onopang'ono. Musapitirize kuti mwina zimasuka zokha mkati mwa trill, sizimasuka, ndipo mukapitiriza thupi limaloweza kuumako pamodzi ndi manoti, mawa mukangoona tr papepala dzanja limauma musanagunde nkomwe.

Ngati foni yanu ili ndi kamera, iyikeni chambali mujambule dzanja kuyambira kuphewa. Zambiri zimene munthu sazimva amaziona.

Zala zikukanikiza pansi pa key

Ili nde vuto lalikulu ndipo ndikhalapo pang'ono. Pa piyano yeniyeni mawu amatuluka kahamala kakagunda waya, ndipo kahamalako kamakhala katachoka kale key isanafike pansi penipeni, pa kiyibodi yamagetsi namonso makina amakhala atawerenga kale noti yanu. Zonse mumachita key itafika pansi, kukanikiza, kufinya, kugwedeza, palibe chimene zimawonjezera pa mawu, zimangotopetsa mkono, ndipo chala chimene chakanirira pansi chimachedwa kubwerera.

Yesani izi. Zala timaziwerenga kuyambira chachikulu, chomwe ndi 1, mpaka kachala kakang'ono, komwe ndi 5, nde ikani chala 2 pa C ndi chala 3 pa D, zonse zikhudze ma key musanagunde. Tsitsani C, ikangolira masulani chalacho koma musachikweze nokha, muyisiye key ikukankhireni chala mmwamba, chifukwa key iliyonse imabwerera yokha, pa piyano ndi kulemera kwa makina ake, pa kiyibodi ndi sipuling'i. Khungu la chala lisachoke pa key. Mukamva kukankha kumeneko chitani chimodzimodzi pa D. Pang'onopang'ono kwambiri, noti imodzi pa sekondi olo kuchedwa kuposa apo, ndipo motsitsa mawu, ngati volume ikuchepa kwezani pa makina osati ndi chala. Zimatopetsa mtima, ndikudziwa, munthu umaona ngati ukutaya nthawi, koma mphindi zisanu za zimenezi tsiku lililonse zimasintha dzanja kuposa ola lathunthu logunda mwamphamvu.

Aphunzitsi ena amati kwezani zala mmwamba kuti zikhale ndi mphamvu. Pa zinthu zina mwina zimathandiza kuti noti iliyonse imveke payokha, koma pa trill ine sindigwirizana nazo mpang'ono pomwe. Chala chikakwera masentimita awiri pamwamba pa key ulendo wake watalika katatu, ndipo minofu ya pamwamba ija nde imagwira ntchito yosafunika. Trill yothamanga imayimbidwa pafupi penipeni, woonera amaona ngati zala sizikuyenda. Komanso chala chiziyendera pa mfundo yaikulu ija yolumikiza chala ndi chikhatho, osati kupindapinda nsonga, ndipo zikhadabo zikhale zowenga, zikatalika chala chimagona chagada nkumaterereka.

Zala zokha zikugwira ntchito, mkono uli zii

Munthu akakufunsani pamsika kuti geni ikuyenda bwanji, inu nkutambasula chikhatho nkuchipendeketsa uku ndi uku kuti pang'onopang'ono, kayendedwe kameneko nkamene tikufuna. Onani kuti sikachokera m'zala kapena polumikizira dzanja, mkono wonse kuyambira pachigongono nde umapotokoka. Ikani chala 1 pa C ndi chala 3 pa D, mupendekere kumanzere C ilire, mupendekere kumanja D ilire, zala zingokhala zokonzeka koma zisagunde zokha. Poyamba kokomezani ndithu kuti muone ndi maso, kenako mukamawonjezera liwiro kupendekako kuzichepa mpaka kutsale kunjenjemera pang'ono kosaoneka. Aphunzitsi odziwika ngati Tobias Matthay wa ku London ndi Dorothy Taubman wa ku New York anatsindika kwambiri za kupotokola mkono kumeneku, ndipo ine ndimaona kuti kumathandiza zedi makamaka pa 1 ndi 3 kapena 2 ndi 4. Pa 2 ndi 3 zala zimagwira ntchito yambiri ndithu, mkono umangothandizira, koma olo pamenepo mkono ukakhala womasuka kupendeka kusiyana kumamveka.

Chenjezo apa, chigongono chisamapite uku ndi uku, chikhale polendewera pake, ndipo musachipanikize kunthiti chifukwa chikapanikizika mkono sungapotokoke.

Mwina mwasankha zala zolakwika

Ambiri timangogwiritsa zala zimene zapezeka pamalopo nthawi imene trill yafika, nde nthawi zambiri zimakhala 3 ndi 4 kapena 4 ndi 5, zomwe ndi zovuta kwa wina aliyense padziko pano. Chala 4, chovala mphete chija, mtsempha wake wochikweza ndi wolumikizidwa ndi ya zala zoyandikana nazo pamsana pa dzanja, tinabadwa choncho, sichingayende pachokha ngati chamkombaphala, ndipo pulakatisi simadula kulumikizanako. Musachikakamize. Bwererani mmbuyo manoti atatu anayi trill isanafike, musinthe kayalidwe ka zala kuti mufike pa trill ndi 2 ndi 3, 1 ndi 3 kapena 2 ndi 4. Kudumpha chala chimodzi pakati, ngati 1-3, 2-4, olo 3-5 mmalo mwa 4-5, kumapereka mpata woti mkono upendeke. Lembani manambalawo ndi pensulo ndipo musamasinthesinthe tsiku lililonse.

Ma key akuda nawo ali ndi nkhani yake, makamaka ife a kutchalitchi amene nyimbo zambiri timazikonda mu F sharp ndi C sharp. Chala chachitali chipite pa key yakuda, chachifupi pa yoyera, mwachitsanzo E ndi F sharp kudzanja lamanja zimakhala bwino ndi 1-3 kapena 2-3. Yakuda ikakhala mmunsi, ngati F sharp ndi G, yesani 2-3, yesani 2-4, yesaninso 2 pa yakuda chala chachikulu nkulowa pansi pa G, manja amasiyana nde sankhani zimene sizikulimbitsa mkono wanu. Dziwaninso kuti key imalemera mukamalowa mkati kufupi ndi pomwe yamangirira, ndipo pa ma kiyibodi otsika mtengo kulemerako kumamveka kwambiri chifukwa ma key ake ndi afupi, choncho musalowe mkati kuposa mmene zikufunikira. Batani la transpose, lija lokweza kapena kutsitsa mawu a nyimbo inu mukugunda ma key omwewo, lingakupulumutseni Lamlungu limodzi, sindiletsa, koma tsiku lina mudzakumana ndi piyano yopanda batani.

Trill ikakhala yaitali kwambiri pali njira yosinthanitsa zala, 1-3-2-3-1-3-2-3, chala chammunsi chizipumulako. Poyamba imasokoneza mutu koma ndi yabwino. Kudzanja lamanzere ambiri 1-2 kapena 1-3 nde zimawayendera.

Trill ilibe chiwerengero, mukungothamanga

Apa mpamene ambiri amagwera. Akaona tr maganizo amati thamanga mmene ungathere, ndipo mawu akuti mmene ungathere ndi amene amaumitsa dzanja, chifukwa ubongo sukudziwa kuti manoti ndi angati kapena athera pati. Nde iwerengeni. Tsegulani metronome, kachipangizo kogunda mofanana kosunga nthawi kaja, ma kiyibodi ambiri a Yamaha ndi Casio ali nayo mkati momwemo, apo ayi ya pafoni, muyike pa 60, ndiko kuti kugunda kamodzi pa sekondi. Yimbani manoti awiri pa kugunda kulikonse, zikakhala zomasuka pitani pa atatu, kenako anayi, asanu ndi limodzi, mpaka asanu ndi atatu. Ya atatu ija musayidumphe, ndi yofunika kwambiri chifukwa kugunda kumagwera pa chala china ulendo uno, china ulendo winawo, nde chala chaulesi chimaonekera msanga. Manoti 8 pa 60 ndi manoti 8 pa sekondi, ndipo akakhala ofanana bwino imeneyo ndi trill yokoma kale, m'nyimbo zambiri za pang'onopang'ono olo 6 amakwana. Khutu la munthu limakopeka ndi kufanana kwa manoti, trill yochedwerapo koma yosalala imamveka ngati yothamanga kuposa yothamanga yopunduka.

Koma kukwera pang'onopang'ono kokha nthawi zina kumafika pokanika, mwafika pa 4 bwinobwino koma 6 akukana. Pamenepo gwiritsani timagulu tatifupi. Manoti atatu okha mwachangu, C D C, imani, masulani dzanja lonse, pumani. Kenako asanu, C D C D C, imani. Kenako 7, kenako 9. Kagulu kalikonse kakhale ngati chinthu chimodzi, mkono ugwe kamodzi manoti onse atulukire mmenemo, ndipo kupuma kwa pakati kuja nkofunika kuposa manotiwo, muonetsetse kuti phewa latsika ndipo chala chachikulu chafewa musanayambe kena. Mukaona kuti pa 9 mwayamba kuuma ndiye kuti malire anu lero ndi 7, khalani pomwepo, mawa kapena sabata yamawa malirewo asuntha okha. Trill yaitali ndi timagulu timeneti tolumikizana, ndipo olo pamene mukuyiyimba yonse muzimva mumtima poyambira kagulu kalikonse pamodzi ndi kugunda kwa nyimbo.

Osapitirira mphindi zochepa pa chinthu chimodzi. Chitani pang'ono, pitani ku nyimbo ina, mubwererenso.

Imayenda bwino koma imagwa kumapeto, kapena poyambira

Dziwani noti yoyambira ndi yothera musanayambe. Mu nyimbo za nthawi ya Bach, ndi zambiri za nthawi ya Mozart, akatswiri opeka nyimbo a m'zaka za m'ma 1700, trill kawirikawiri imayambira pa noti ya pamwamba, pomwe mu nyimbo za m'zaka za m'ma 1800 kupita kutsogolo nthawi zambiri imayambira pa noti yolembedwayo. Zimenezi zimasintha chiwerengero, mukayambira pa noti yolembedwa nkufuna kuthera pomwepo manoti amakhala osagawika pawiri, nde penapake chakumapeto pamafunika kagulu ka atatu kapena asanu, mukapanda kukonzeratu zala zimasokonezeka pomwepo ndipo mantha a pamalo amenewo amaumitsa dzanja kuyambira koyambirira. Ma trill ambiri amatseka ndi timanoti tiwiri, kutsikira pa noti yammunsi nkubwerera, kenako noti yotsatira. Phunzirani kuchokera kumapetoko, timanoti totsekera ndi noti yofikira kaye, kenako onjezani awiri kutsogolo kwake, kenako ena awiri, mpaka mufike poyambira. Mukatero mukamayimba mumakhala mukupita kumalo kumene mukukudziwa bwino.

Poyambira napo musagunde noti yoyamba mwaukali. Yambani mofewa, olo mochedwerapo pang'ono, liwiro libwere mkati.

Dzanja lili bwino koma thupi lonse lamangika

Onani kachala kakang'ono, ngati kaloza kudenga kapena kapindikira mkati ndiye kuti dzanja lonse lalimba. Onani chachikulu ngati chatuluka kumbali chili nji. Zala zimene sizikuyimba zigone pa ma key mwakachetechete. Kenako nsagwada, ambiri timaluma mano kapena kukanikiza lilime kumwamba osadziwa, ena phazi limapindika mu nsapato, ndipo pafupifupi tonse timagwira mpweya. Mankhwala ake ndi osavuta, kokani mpweya trill isanafike nkumautulutsa pang'onopang'ono pakamwa pamene ikuyenda, kapena werengani mokweza, wani thu fili folo, chifukwa munthu sungawerenge mokweza utagwira mpweya. Oyimba kiyibodi amene amayimbanso pakamwa mu kwaya vuto ili limawachepera.

Palinso nkhani ya dzanja lamanzere. Trill payokha ikuyenda, mukaphatikiza lamanzere zonse zabalalika. Apa chiwerengero chija nde chimakupulumutsani, dziwani kuti noti iliyonse ya kumanzere ikugwa pamodzi ndi noti iti ya trill, mwachitsanzo manoti anayi a trill pa noti imodzi ya kumanzere, muyimbe pang'onopang'ono mpaka zilumikizane. Kenako khutu lanu liyikeni kumanzere, muzimvera bass, trill iziyenda yokha kumbali. Mukamayiyang'anitsitsa trill mpamene imauma.

Pokhala

Mipando ya pulasitiki ya m'matchalitchi mwathu ndi yotsika ndipo imakugwetsera chambuyo, pomwe ma stand a X aja timangowayika pa bowo limene tawapeza. Mkono kuchokera pachigongono kufika kudzanja ukhale mowongoka molingana ndi ma key, chigongono chikhale pa msinkhu wa ma key kapena pamwamba pang'ono, polumikizira dzanja pasapindikire mmwamba kapena pansi. Mpando ukatsika sanjikizani iwiri kapena pindani chitenje mukhalire, khalani chakutsogolo kwa mpando, mapazi onse pansi. Oyimba choyimirira pa ukwati kapena pa chinkhoswe, kwezani stand, ikatsika dzanja limathyokera chambuyo ndipo palibe trill ingatuluke bwino pamenepo. Stand yogwedera nayo imaumitsa munthu chifukwa thupi limalimbana ndi kuyigwira, ikani kapepala kopinda pansi pa mwendo wake.

Nthawi zina si inu, ndi chida

Izi zimandimvetsa chisoni, mwana kudziona ngati wolephera pomwe vuto ndi kiyibodi. Yesani trill yomweyo ndi zala zomwezo pamalo ena, octave imodzi mmwamba kapena mmunsi. Ikayenda kumeneko ndiye kuti pali key ya vuto. Fumbi lathu la chilimwe likasakanikirana ndi thukuta ma key amamata m'mbali, pukutani ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, madzi asadonthere mkati, ndipo muzifunditsa kiyibodi mukamaliza. Pansi pa key iliyonse pali timalabala togunda pa bolodi, pa ma kiyibodi omva mphamvu ya chala timakhala tiwiri tiwiri ndipo makina amayeza nthawi ya pakati pa kugunda kwa koyamba ndi kachiwiri kuti adziwe kukula kwa mawu, nde fumbi likalowa pamenepo noti ina imangolira mokuwa nthawi zonse kapena osalira. Trill singafanane pa key yotero olo mutachita pulakatisi chaka chonse, pitani nayo kwa odziwa kukonza.

Onaninso touch response, kuja kiyibodi imamvera mphamvu ya chala. Pa Yamaha zambiri pamakhala Soft, Medium, Hard ndi Fixed, ikakhala pa Hard mumafunika kugunda kwambiri kuti mawu akwere, Soft imatulutsa mawu okwera ndi kukhudza pang'ono. Pochita pulakatisi musayike pa Fixed chifukwa imabisa kusafanana kwa zala. Voice nayo, kapena kuti mtundu wa mawu amene mwasankha, strings ndi pad zambiri zimachedwa kutulutsa mawu nde trill imangomveka phala, gwiritsani piyano, organ kapena flute. Sipika ya Bluetooth imachedwetsa mawu, chala chagunda mawu nkubwera pambuyo, lumikizani ndi waya. Ndipo chachikulu pa band, ngati simukudzimva chifukwa ng'oma ndi bass zakwera, mudzagunda mwamphamvu mufune musafune, pemphani a pa mixer akukwezereni monitor kapena sipika iyang'ane kwa inu. Pedal, chopondera chotalikitsa mawu chija, chepetsani pochita pulakatisi kuti mumve zoona zake.

Amene muli ndi mwayi wa piyano yeniyeni ya matabwa, ngati zimene zimapezeka ku mishoni ndi m'sukulu zina, chinyezi cha kunyanja kuno makamaka nthawi ya dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi chimatupitsa matabwa ndi nsalu za mkati, ma key nkumabwerera mwaulesi. Musathiremo mafuta, chonde, mudzaononga. Komanso piyano yoyimirira imafuna kuti key ibwerere pafupifupi pamwamba penipeni isanalirenso, pomwe grand, piyano yaikulu yogona ija, ili ndi makina amene Sébastien Érard anapanga mu 1821 olola kuti noti ibwerezedwe key itangokwera pang'ono. Nde mukaona pa YouTube munthu akupanga trill yofewa yothamanga kwambiri pa grand, dziwani kuti makina akumuthandizanso, pa yoyimirira lolani key ikwere mokwanira apo ayi manoti ena azisowa.

Nyengo ndi ntchito za tsikulo

Mu Juni ndi Julayi mwera ukamawomba, mapemphero a mmamawa amatipeza zala zili zozizira, kumtunda ku Namwera nde kumaposa kuno ku boma. Zala zozizira sizithamanga, ziviikeni m'madzi ofunda kapena zipaneni m'khwapa, muyambe ndi ma chord ofewa musanafike pa zothamanga. Mu Okutobala ndi Novembala vuto ndi thukuta, chala chikaterereka munthu umayamba kugwiritsitsa, khalani ndi kathawulo pafupi. Ndipo ambiri mwa ife sitikhalira kiyibodi yokha, wina wachokera kokoka khoka, wina wakhala atagwira mahandulo a kabaza tsiku lonse, wina khasu, wina kuchapa ndi kufinya zovala, minofu yofumbata ija imakhala idakali yokokeka. Musachoke kumeneko nkufikira pa trill, pumani kaye, tambasulani zala mofatsa, gwedezani manja, ndipo ngati nkotheka zinthu zothamanga muzichita mmawa ntchito zisanayambe.

Ma trill ovutitsitsa aja

Pali ena oti dzanja limodzi likupanga trill uku likuyimbanso nyimbo kapena lagwira noti ina, chala chachikulu chagwira pansi 4 ndi 5 zikuthamanga, kapena trill ili mmunsi kachala kakang'ono kakutola nyimbo pamwamba. Apa chimene chimapha ndi noti yogwirayo, timayikanikiza ndi mphamvu zonse pomwe kuti key ikhale pansi pamafunika kulemera kochepa kwambiri. Gwirani notiyo, chepetsani mphamvu mpaka key itsale pang'ono kukwera, mphamvu imeneyo nde yokwanira, kenako yambani trill pang'onopang'ono. Ngati pedal ingagwire notiyo mmalo mwa chala, isiyireni pedal. Pomwe nyimbo ikulowa, trill ikhoza kudumpha noti imodzi kuti noti ya nyimboyo ilire yokha, womvera sazindikira. Ndipo musachite manyazi kuchepetsa, Beethoven mwini wake mu nyimbo yake ya piyano yotchedwa sonata ya Waldstein ya mu 1804, mmene muli trill yotere m'gawo lomaliza, analemba pa pepala lake njira yopeputsira kwa amene angayione yovuta, nkunenanso kuti palibe vuto trill ikachepako liwiro.

Kupweteka

Kutopa pang'ono kumene kumatha mukapuma ndi kwina, koma kupweteka kobaya polumikizira dzanja kapena pachigongono, dzanzi m'zala, kupweteka kumene mukudzuka nako mmawa, kapena chala chimene chayamba kupindika chokha mukamayimba, zimenezo si zopirira ayi. Siyani kuyimba masiku angapo ndipo zikapitirira pitani kuchipatala mukafotokoze bwinobwino kuti mumayimba kiyibodi maola angati. Musamwe mankhwala opha ululu nkubwerera pa kiyibodi. Leon Fleisher, katswiri wa piyano wa ku America, mu 1964 zala ziwiri za kudzanja lake lamanja zinayamba kupindikira mkati chifukwa cha matenda otchedwa focal dystonia, ndipo anakhala zaka zambirimbiri akuyimba ndi lamanzere lokha. Achinyamata amene mukudzikakamiza usiku wonse kukonzekera festival ya makwaya, ndikukupemphani, dzanja likayamba kudandaula limvereni.

Nanga tsiku lafika, ukwati ndi Loweruka ndipo trill sinapse? Sankhiranitu kunyumba chiwerengero chimene mumachikwanitsa mosauma olo mutatopa, nkuchotsaponso pang'ono chifukwa pagulu mtima umathamanga ndipo manja amalimba kuposa kunyumba. Ngati pa pulakatisi mumafika 8, pagulu yimbani 6. Ngati yaitali ikukanika, pangani yaifupi ya manoti atatu kapena asanu koyambirira nkukhazikika pa noti yeniyeniyo mpaka nthawi yake ithe, muwauziretu a ng'oma ndi otsogolera kwaya kuti pamalopo asathamangitse tempo, ndipo mubwereze njira yomweyo kangapo Lachisanu kuti pa tsikulo musakayambe kusankha muli pakati pa nyimbo.